Poliyo wa ku Lilongwe: anadziwa bwanji kuti kachilomboko kwawo ndi ku Pakistan?

Pa 17 February 2022 boma linalengeza kuti m'dziko muno mwapezeka poliyo. Wodwalayo anali mwana wamkazi wa zaka 3 wa m'boma lathu lino la Lilongwe, yemwe anayamba kufooka ziwalo pa 19 November 2021. Azaumoyo anadzidzimuka, chifukwa poliyo wa mtundu umenewu anaoneka komaliza m'Malawi mu 1992, ndipo mu August 2020 bungwe la WHO linali litalengeza kuti Africa yense wathana naye. M'chilengezocho munalinso mfundo ina imene ambiri tinangoimva pa wailesi n'kuipitirira: akatswiri anati kachilombo kamene kanapezeka mwa mwanayo ndi ka m'banja la tizilombo ta m'chigawo cha Sindh, ku Pakistan.

Ophunzira, taimani kaye pa mfundo imeneyi. Kachilombo ka poliyo n'kakang'ono kwambiri moti maikulosikopu ya mu labotale ya sukulu singakaonetse. Kalibe chiphaso, kalibe mphini, ndipo sikalankhula. Ka ku Sindh ndi ka kwina kulikonse timaoneka chimodzimodzi ndipo timapuwalitsa mwana mofanana. Nanga kwawo anakudziwa bwanji? Yankho lili mu sayansi yotchedwa bioinformatics, yomwe ndi kugwiritsa ntchito kompyuta ndi masamu powerenga ndi kuyerekeza malangizo olembedwa m'kati mwa zamoyo.

Zilembo zinayi zokha

Chamoyo chilichonse, kaya ndi munthu, chimanga, mbuzi kapena kachilombo, chili ndi malangizo a kapangidwe kake m'kati mwake. Malangizowa ali mu DNA, ndipo tizilombo tina, monga ka poliyo, timawasunga mu chinthu chofanana nayo chotchedwa RNA. DNA ili ngati mkanda wautali wotungidwa ndi mitundu inayi yokha ya timikanda. Asayansi anaipatsa mitunduyi zilembo A, C, G ndi T. Malangizo onse a chamoyo chimodzi, kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza, amatchedwa genome.

Mabuku ena a Chichewa amatcha timagawo ta malangizowa kuti majini. Ife a ku madrasa tikamva mawu akuti majini maganizo amathamangira kwina, ndiye m'nkhani ino ndingoti zilembo ndi malangizo, kuti pasakhale wina wokanena kunyumba kuti aphunzitsi akuti mwana wa ku Lilongwe uja anagwidwa ndi majini a ku Pakistan.

Genome ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, ndipo ntchito yaikulu yoiwerenga koyamba inalengezedwa kuti yatha mu 2003. Ya kachilombo ka poliyo ili ndi zilembo pafupifupi 7,500 zokha, zoti mutazitayipa zingakwane pa masamba atatu. Inawerengedwa yonse koyamba mu 1981, patangopita zaka zochepa Frederick Sanger wa ku Cambridge atatulukira njira yake yowerengera DNA mu 1977. Pofufuza kumene poliyo wachokera, akatswiri nthawi zambiri sawerenga n'komwe zilembo zonse 7,500. Amatenga kagawo kamodzi kotchedwa VP1, ka zilembo pafupifupi 900, kamene kali ndi malangizo a mbali ina ya chikopa cha kachilomboka.

Kachilombo kakalowa m'matumbo mwa munthu kamachulukana pokopera malangizo ake mobwerezabwereza. Chinsinsi chonse chagona pakuti kamakopera mosasamala. Mwa apo ndi apo kamalemba T pamene panali C, kapena G pamene panali A, ndipo kalibe njira yobwerera kukakonza. Tizilombo tonse tobadwa kuchokera ku kameneko timatengera cholakwikacho, kenako timawonjezerapo zathu.

Aliyense amene anakhalapo m'kalasi akuzidziwa izi. Mphunzitsi walemba manotsi pabolodi. Mnyamata wokhala kumbuyo wakopera mothamanga n'kulemba 1946 pamene panali 1964. Mnzake amene anajomba tsiku limenelo wabwereka kope lake, nayenso walemba 1946, ndipo wadumphanso mzere umodzi. Wachitatu wakopera kwa wachiwiriyo: ali ndi 1946, mzere uja palibe, ndipo dzina lina walilemba mokhota. Mphunzitsi akatolera makope onse 60 safunika mboni. Amene ali ndi 1946 onse achokera kwa mnyamata wa kumbuyo uja, ndipo mwa iwo amene alibenso mzere uja achokera kwa wachiwiriyo. Zolondola sizinena kanthu, pakuti aliyense ali nazo. Zimene zimaulula ubale ndi zolakwika zofanana.

Zimene kompyuta imachita

Mwana akafooka ziwalo mwadzidzidzi, azaumoyo amatenga chimbudzi chake kawiri n'kuchisunga pozizira. Cha mwana wa ku Lilongwe chinatumizidwa ku Johannesburg, ku labotale ya National Institute for Communicable Diseases. Kumeneko amayamba ndi kulera kachilomboka m'timabotolo kuti kachuluke, kenako makina amawerenga zilembo za kagawo ka VP1. Zotsatira zake anazitsimikiziranso akatswiri a CDC ku Atlanta, m'dziko la America. Chimene chimatuluka m'makina ndi mzere wa zilembo 900 wopanda mipata, wopanda mawu amene munthu angatchule. Pawokha mzerewu sunena kalikonse. Umayamba kulankhula ukaikidwa pambali pa mizere ina.

Ntchito yoyamba ya kompyuta ndi kundandalika mizereyi, wina pansi pa unzake, kuti chilembo chilichonse chiyang'anizane ndi chinzake. Nachi chitsanzo chongopeka cha zilembo 15, kuyambira ndi kachilombo kakale kwambiri:

Koyamba: ACG TTA GCC ATG CAA
Kachiwiri: ACG TTA GCT ATG CAA
Kachitatu: ACG TCA GCT ATG CGA

Yang'anitsitsani. Kachiwiri kasiyana ndi koyamba pa chilembo chimodzi, cha nambala 9, pamene C wasanduka T. Kachitatu kali ndi T yemweyo, ndipo kawonjezera zosintha zina ziwiri. Choncho kachitatu kachokera ku mzere wa kachiwiri, monga mwana wachitatu uja wa makope.

Pa zilembo 15 ndi tizilombo titatu, maso akwanira. Koma ma labotale a poliyo a padziko lonse akhala akusunga mizere ya tizilombo timene apeza kwa zaka zambiri, mzere uliwonse ndi tsiku komanso malo amene unapezeka. Tiyerekeze kuti mukufuna kufananiza tizilombo 1,000, kalikonse ndi kanzake. Mapeya ake ndi 499,500. Chulukitsani ndi zilembo 900, mupeza kuyerekeza pafupifupi 450 miliyoni. Munthu woyang'ana chilembo chimodzi pa sekondi iliyonse, osagona, osadya, angathe zaka zoposa 14. Laputopu wamba imamaliza tiyi asanazizire.

Palinso vuto lina limene kuthamanga kokha sikungathetse. Nthawi zina pokopera chilembo chimagwa kapena china chimalowerera. Zikatero zilembo zonse zotsatira zimasuntha ndi malo amodzi, ndipo mizere iwiri ya pachibale imaoneka ngati yachilendo, monga zimakhalira munthu akaphonya batani loyamba la malaya. Kompyuta iyenera kupeza malo oyenera kusiya mpata kuti zotsalazo zigwirizanenso. Mu 1970 Saul Needleman ndi Christian Wunsch anafalitsa njira ya masamu yopezera kandandalikidwe kabwino koposa popanda kuyesa njira zonse imodziimodzi, ndipo maganizo awo akugwirabe ntchito m'mapulogalamu a lero. Njira yotere ya sitepe ndi sitepe imatchedwa algorithm, mawu ochokera ku dzina la Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, katswiri wa masamu wa ku Baghdad wa zaka za m'ma 800. Amene mumathawa algebra dziwani kuti nayonso dzina lake linachokera pa mutu wa buku la munthu yemweyu.

Mizere ikandandalikidwa, pulogalamu ina imamanga mtengo wa ubale. Tizilombo togawana zosintha zambiri timakhala pa nthambi imodzi, tosiyana kwambiri timakumana kutali kumunsi. Zili ngati kulondola chingwe cha dzungu m'munda mpaka kukafika pa phando.

Mafunso atatu

Pa kachilombo ka ku Lilongwe panali mafunso atatu, ndipo lililonse linali ndi zotsatira zake.

Loyamba linali lakuti: kodi kameneka ndi ka poliyo weniweni wa m'chilengedwe, kapena kachokera ku katemera? Funsoli lingakudabwitseni, koma ndi bwino mulimve kwa aphunzitsi anu kusiyana n'kukalimvera pa WhatsApp litapotozedwa. Katemera wa madontho a m'kamwa ali ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, kamene anakonza Albert Sabin. Kamateteza mwana wolandirayo. Koma kudera kumene ana ambiri sanabayitse kapena kulandira madontho, kachilombo kofookako kangayende kuchoka kwa mwana wosatetezedwa kupita kwa wina kwa miyezi yambiri, kakusintha zilembo, mpaka kupezanso mphamvu. Kumene ana ambiri analandira katemera sikapeza njira yoyendamo. Popeza zilembo za kachilombo ka Sabin n'zodziwika, kusiyanitsa n'kosavuta: kochokera ku katemera kamasiyana nako pa zilembo zochepa, pamene ka m'chilengedwe kamasiyana pa zilembo zoposa 100 mwa 900 zija. Ka ku Lilongwe kanapezeka kuti ndi ka m'chilengedwe, ka mtundu woyamba. Mwa mitundu itatu ya poliyo wa m'chilengedwe ndi wokhawu umene watsala, pakuti wachiwiri unalengezedwa kuti watha mu 2015 ndipo wachitatu mu 2019.

Lachiwiri linali lakuti: abale ake ndani? Kakanagwera pa nthambi ya tizilombo takale ta mu Africa, monga ta kumpoto kwa Nigeria kumene poliyo ameneyu anaoneka komaliza mu 2016, zikanatanthauza kuti chilengezo cha 2020 chija chinali cholakwika ndipo matendawa anangobisala. Sikanagwere kumeneko. Mbale wake wapafupi anali kachilombo kamene kanapezeka ku Sindh chaka cha 2021 chisanafike. N'chifukwa chake WHO inanena kuti poliyo ameneyu ndi wobwera, ndipo Africa sanalandidwe chiphaso chake.

Lachitatu, limene ine ndimaliona kuti ndi lozama kuposa onse, linali lakuti: kakhala kakuyenda kwa nthawi yaitali bwanji? Zosintha za poliyo zimabwera pa liwiro lodziwika. Pa chaka, chilembo chimodzi mwa 100 zilizonse za VP1 chimasintha, kutanthauza zilembo pafupifupi 9 mwa 900. Choncho kuchuluka kwa zosintha kumagwira ntchito ngati wotchi. Mwachitsanzo, kachilombo kosiyana ndi kholo lake pa zilembo 4 kapena 5 kayenda pafupifupi theka la chaka. Kakasiyana ndi mbale wake wapafupi wodziwika ndi 1.5 peresenti kapena kuposa, akatswiri amakatcha kamasiye, kusonyeza kuti makolo ake apakati anadutsa popanda wowaona. Ka ku Lilongwe kanali katasintha mokwanira kusonyeza kuti kanayenda kwa nthawi yoposa chaka kasanagwidwe.

Tsono onjezani mfundo ziwiri izi. Poliyo amakhala mwa anthu okha, sabisala mwa ziweto, ndipo munthu mmodzi amatulutsa kachilomboka m'chimbudzi kwa milungu ingapo chabe. Kuti kakhale ndi moyo kupitirira chaka, kanayenera kudutsa mwa anthu ambiri motsatizana. Komanso mwa anthu 200 otenga kachilomboka, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amapuwala. Ena onse amangomva ngati chimfine kapena samva kanthu n'komwe, koma amapatsira anzawo. Mwana wa ku Lilongwe uja anali woonekera mmodzi pakati pa anthu ambiri amene sanadzidziwe.

Zimene zilembo sizinena

Inu amene mwaphunzira Hadith mukudziwa kuti iliyonse ili ndi mbali ziwiri: sanad, yomwe ndi mndandanda wa anthu amene analandirana nkhaniyo, ndi matn, omwe ndi mawu ake. Akatswiri akale a Hadith ankasonkhanitsa njira zonse zimene nkhani imodzi yafikira, n'kuziika pamodzi, ndipo akapeza liwu lowonjezera m'njira zina zokha ankatha kuloza pamene linalowera. Ntchito ya bioinformatics ikufanana ndi imeneyo, koma pali kusiyana kwakukulu. Wofufuza kachilombo ali ndi matn yokha. Sanad alibe. Amaona kuti mawu awa ndi awo achokera pamodzi, amayerekeza zaka zimene zadutsa, koma mayina a amene analandirana palibe paliponse.

Ndikutsindika izi chifukwa dzina la Pakistan likatchulidwa, pamakhala ena othamangira kuloza zala: amalonda a m'tauni, Asilamu opita ndi kubwera kunja, alendo odzalalikira. Zilembo 900 zija sizitchula munthu, mtundu kapena chipembedzo. Sizinena ngakhale njira imene kachilomboka kanadzera. Pa nthawi yoposa chaka kangadutse m'mayiko angapo, m'matumbo mwa anthu osadziwana, ndipo woyamba kufika nako m'chigawo chino cha Africa angakhale munthu wa kulikonse amene sanadwale n'komwe. Kompyuta imangoyerekeza ndi zimene zili m'nkhokwe yake. Pakistan amayeza kwambiri, mpaka madzi a m'ngalande za mizinda yake, n'chifukwa chake abale a kachilomboka anapezeka m'nkhokwemo.

Ife Amalawi tinalawapo kuwawa kwa kuwerenga molakwa kotereku, m'mwezi womwewo wa November 2021. Asayansi a ku Botswana ndi South Africa anawerenga genome ya kachilombo ka Covid-19 n'kupeza mtundu watsopano umene unatchedwa Omicron. Anauza dziko lonse msanga, monga zimayenera kukhalira. Patangopita masiku ochepa, Britain ndi America anatseka zitseko kwa apaulendo ochokera m'mayiko a kum'mwera kwa Africa, Malawi ali momwemo, pamene Omicron anali atafika kale ku Ulaya. Malo amene chinthu chapezeka koyamba nthawi zambiri amakhala malo amene anthu ake anali maso.

Zimene zinatsatira

Yankho la funso lachitatu lija ndi limene linasonyeza kukula kwa ntchito. Kukanakhala kuti kachilomboka kangofika kumene, mwina kupereka katemera m'boma la Lilongwe lokha kukanaoneka kokwanira. Popeza kanayenda nthawi yaitali mosaoneka, palibe akanatsimikiza kuti kali m'Malawi mokha. Kuyambira mu March 2022 kampeni ya madontho inachitika m'dziko lonse, ndipo inafikanso ku Mozambique, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe. Makolo a ku Nsaru, Kabudula, Mpingu, Nambuma ndi Namitete mukukumbukira alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka akuyenda khomo ndi khomo ndi mabokosi ozizira, akudontheza m'kamwa mwa ana n'kuwapaka inki pa kachala. Ena mwa inu munadandaula kuti bwanji akubwera kachiwiri ndi kachitatu kwa mwana yemweyo. Chifukwa chake n'chakuti ulendo umodzi wa madontho suteteza ana onse oulandira, ndipo kubwerezako kumatseka mipata yotsala.

Mu May 2022 Mozambique inalengeza kuti mwana wa m'boma la Changara, m'chigawo cha Tete, wapezeka ndi poliyo wa m'chilengedwe. M'chaka chimenecho ana 8 a ku Tete anapuwala. Zilembo zinasonyeza kuti tizilombo ta ku Tete ndi ka ku Lilongwe ndi ta banja limodzi, kutanthauza kuti unali mliri umodzi wodutsa malire. M'Malawi munayambanso ntchito yotunga madzi a m'ngalande za zonyansa ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu n'kumawayeza, kuti kachilombo kagwidwe kasanapuwalitse mwana. Mu May 2024 WHO inalengeza kuti mliri wa poliyo wa m'chilengedwe m'Malawi ndi Mozambique watha, ana oposa 50 miliyoni atalandira katemera m'mayiko asanu aja.

Njira yomweyi inaulula kale nkhani ina imene ife Asilamu tiyenera kuidziwa, ngakhale siyokoma. Mu 2003 zigawo zina za kumpoto kwa Nigeria, makamaka Kano, zinaimitsa katemera wa poliyo chifukwa cha mphekesera yakuti amatseketsa kubereka. Kano anayambiranso mu July 2004, atalandira katemera wopangidwa ku Indonesia. Koma kachilombo kanali katatuluka kale. Kanafalikira m'mayiko pafupifupi 20, ndipo mu 2005 ana oposa 400 anapuwala ku Yemen ndi oposa 300 ku Indonesia, dziko limene linali litakhala zaka 10 lopanda poliyo. Zilembo za VP1 zinalondola tizilombo timeneti mpaka kubwerera ku Nigeria. Apanso palibe dzina la munthu limene linatuluka, koma mtengo wa ubale unaonetsa poyera kuti mphekesera ya ku Kano inapuwalitsa ana a ku Java, ndipo ambiri mwa iwo anali ana a Asilamu anzathu. Lero Saudi Arabia imafuna umboni wa katemera wa poliyo kwa opita ku Hajj ochokera m'mayiko amene matendawa akufalikira.

Ntchitoyi ikubwera kwathu

Werengani masiku: kuchoka pa 19 November 2021 kufika pa 17 February 2022 ndi pafupifupi miyezi itatu. Nthawi yonseyo kachilombo sikanali kudikira. Gawo la nthawi imeneyi limapita ndi ulendo wa zoyezedwa kupita kunja komanso kulera kachilombo m'labotale. Pa maganizo anga, phunziro lalikulu la nkhani ino kwa dziko lathu lili m'miyezi itatu imeneyi. Makina owerenga zilembo akucheperachepera. Ena, monga MinION a kampani ya Oxford Nanopore, amakwana m'dzanja ndipo amalumikizidwa ku laputopu ndi chingwe. Makina angagulidwe ndi kufika pa ndege m'sabata imodzi, koma munthu wodziwa kuwerenga zotuluka zake amatenga zaka kuti aphunzitsidwe.

Anthu otere alipo kale pakati pathu. Pa mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu March 2022, umene unadwalitsa anthu oposa 58,000, kupha oposa 1,700 ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre mu January 2023, akatswiri a Chimalawi anali patsogolo powerenga genome ya kachilombo kake, yomwe ili ndi zilembo pafupifupi 4 miliyoni. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Chrispin Chaguza, wofalitsidwa mu 2024 m'magazini ya Nature Communications, anasonyeza kuti kachilomboko ndi ka mfunda wotchedwa AFR15, wofika kumene mu Africa komanso wa pachibale ndi tizilombo ta ku Asia. Ku Blantyre, a Malawi Liverpool Wellcome Programme akhala akutsata tizilombo ta typhoid ndi matenda ena a m'magazi kwa zaka zambiri, kuona mmene tikupimira ku mankhwala. Ku Lilongwe kuli Public Health Institute of Malawi. Ndipo si za matenda a anthu zokha. Pamsewu wa ku Mchinji pompano, ku Chitedze, kuli nkhokwe ya dziko lino yosunga mbewu za mitundu yosiyanasiyana, ndipo genome ya mtedza, mbewu yathu ya kuno, inafalitsidwa mu 2019. Oweta mbewu amafuna kudziwa kuti ndi zilembo ziti zimene zimathandiza mtedza wina kupirira matenda kapena ng'amba.

Kwa inu a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene nkhaniyi yakukokani mtima, khomo lake ndi Biology, Chemistry ndi Masamu pamodzi, ndi Computer Studies kumene ilipo. Ambiri mumakonda Biology chifukwa mukuti mulibe manambala. Mwaona nokha kuti mafunso atatu aja anayankhidwa ndi kuwerenga, kuchulukitsa ndi maperesenti. Nkhokwe yaikulu ya mizere ya zilembo yotchedwa GenBank ndi yotsegukira aliyense pa intaneti, ndipo pulogalamu yotchedwa BLAST, imene inayamba mu 1990, imalola munthu kuika mzere wa zilembo n'kumuuza zamoyo zimene ukufanana nazo. Salipiritsa. Chofunika ndi bandulo komanso kuleza mtima.

Kwa makolo ndi agogo, mbali yanu ndi imene ntchito yonseyi imayambira. Poliyo wa m'chilengedwe adakalipo ku Pakistan ndi Afghanistan, ndipo njira imene anadzera mu 2021 sinatsekeke. Kachilomboka kamafala kudzera m'chimbudzi, m'madzi ndi m'manja osasamba. Mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene mwendo kapena mkono wake wafooka mwadzidzidzi n'kukhala lende, popanda kugwa kapena kuvulala, apite naye kuchipatala msanga, kaya ku Kabudula, ku St Gabriel's ku Namitete kapena pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, kapena auzeni alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu. Nthawi zambiri chimakhala china osati poliyo, koma azaumoyo amafuna kuyeza aliyense wotere. Amafunika kutenga chimbudzi kawiri, motalikirana ndi tsiku limodzi, masiku 14 asanathe kuchokera pamene kufookako kunayamba. Masiku amenewo akadutsa, kachilombo kamayamba kuchepa m'chimbudzimo ndipo a ku labotale angalephere kukapeza ngakhale kanalimo.